Makina Osayenda Popanda Ine

Zaka zomaliza za nkhondo ndinazithera m'kachipinda kamodzi ku Tete, mu ofesi yoona za madzi, pakati pa makomputadori awiri amene sankamvana. Kunja kunkatentha moti phula la mumsewu linkamata ku nsapato, koma m'kachipindamo munali makina oziziritsa mpweya. Sanaikire ife, anaikira makomputadoriwo. Ife tinkangodyerera nawo.

Kwathu ndi ku Mualadzi, m'boma la Chifunde. Ndinachokako ndili wamng'ono, a ku mishoni atandipezera malo a sukulu ku Tete, ndipo pasanapite nthawi msewu wobwerera unatsekeka. Bambo anga anali atamwalira kale. Mng'ono wanga anamutenga a mfuti akutchire ali kumunda, ndipo mpaka lero sitidziwa pamene anagona. Za amayi ndi mlongo wanga ndinkangomva zam'maluwa. Ena ankati awolokera ku Zambia, ena ankati ali m'mapiri. Ndinatopa nako kufunsa, ndiye ndinasiya.

Ntchito yathu inali yowerengera madzi a m'mitsinje. M'madera munali anthu owerenga ndodo zoimikidwa m'madzi ndi zitini zoyezera mvula. Manambala awo akafika, tinkawalowetsa mu purogarama, ndipo inkatiuza mtsinje umene udzasefukire ndi umene udzaphwe msanga. Mbali yowerengera anailemba injiniya wina wachizungu m'chilankhulo cha makina chotchedwa Fortran, koma nkhondo itakula analongedza n'kubwerera kwawo. Mbali yoonetsa zotsatira ndi kuzisindikiza ndinailemba ine m'chilankhulo china chotchedwa C, ndikuphunzira m'buku lothothoka masamba limene iye anasiya.

Makina samva zilankhulo zimenezi mwachindunji. Chilankhulo chilichonse chili ndi kompiladori wake, purogarama imene imatembenuza zolemba za munthu kukhala zidutswa zomveka kwa makina. Kenako zidutswazo umazilumikiza, pamodzi ndi mitolo ya zidutswa zina zokonzeratu imene tinkaitcha mabibiliyoteka, kuti patuluke purogarama imodzi yoyenda. Kulumikiza kumeneku ndiko kunkandidyetsa, ndiponso ndiko kunandikalambitsa ndisanakwatire.

Vuto linali lakuti makomputadori awiriwo anabwera ndi makompiladori a opanga osiyana. Pa makina akale, Fortran ndiye anali mwini mudzi, C anali mkamwini. Wolumikiza, purogarama yolumikiza zidutswa zija, anali wa Fortran, mabibiliyoteka a Fortran ankatsogola, a C n'kumakhala kumapeto ngati munthu wodziwa kuti pano si kwawo. Pa makina atsopano, amene tinalandira ngati mphatso, zinali zachitengwa: wolumikiza anali wa C, ndipo Fortran ankabwera ndi katundu wake yense, amene unkayenera kumutchula ndi dzanja mtolo ndi mtolo. Komanso makina akalewo analibe kachipangizo kowerengera manambala a tizigawo, ndiye ankafuna bibiliyoteka ina yoyerekeza kachipangizoko. Ukasemphanitsa chimodzi, madandaulo ankatsika pagalasi la makinawo ngati mvula. Nthawi zina ankakunyenga, n'kulumikiza mwakachetechete, kenako purogarama n'kuima pakati osapita kutsogolo kapena kumbuyo. Zonsezi sizinalembedwe paliponse. Zinali m'mutu mwanga ndi m'zala zanga.

Mwina wina angafunse kuti bwanji osalumikiza kamodzi n'kupumula. Injiniya uja, Mulungu amukhululukire, anaika mayina a malo oyezera madzi m'kati mwenimweni mwa zolemba zake. Ankaganiza kuti malo sasuntha. Koma nkhondo inkawazimitsa amodziamodzi. Wowerenga ndodo akathawa kapena akaphedwa, manambala ankasiya kubwera, ndipo purogarama inkakana kuwerenga ndi dzenje pakati. Ndiye ndinkatsegula zolembazo, kufufuta malowo, kutembenuza, n'kulumikizanso pa makina onse awiri. Tsiku lina ndinafufuta malo a pa mtsinje wa Luia, kufupi ndi kwathu, amene ankawerenga anali bambo wina woimba kwaya ku tchalitchi kwathu. Ndinafufuta, ndinalumikiza, ndinapita kukadya.

Masiku amenewo anyamata ankagwidwa pamsika, pamlatho, ngakhale potuluka m'tchalitchi, n'kuwakweza galimoto kupita ku tropa, ndiko kunena kuti kukamenya nkhondo. Msinkhu wanga unali womwewo. Chimene chinkanditchinga chinali chipepala cha a shefe, mkulu wa ofesi yathu, munthu wakummwera wosakonda kuseka. Chaka ndi chaka ankalembera akuluakulu a asilikali kuti mnyamata uyu musamutenge, chifukwa makina a boma sayenda popanda iye. Ndinali wowonda, wamaso ofooka, wopanda wachibale aliyense waudindo. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yanga inali mzere wautali wa zilembo umene ndinkalemba polumikiza. Sindinaubise mwadala. Kungoti palibe anandifunsa, ndipo ine sindinali wopusa kuti ndiyambe ndine kuuphunzitsa.

M'kachipindamo tinalimo awiri. Winayo anali mayi wachikulire wa ku Tete komweko, amene tonse tinkamutcha adona. Iwo ankalowetsa manambala, zala zikuthamanga osayang'ana pansi. Ankalankhula Chinyungwe, ine Chinyanja, ndipo tinkamvana bwinobwino popanda wotanthauzira, kuposa makina athu. Mwana wawo wamwamuna anali ku tropa, kutali, ndipo panali patapita nthawi asanamve za iye. Sankamutchula. Ankangondibweretsera masau m'kathumba nyengo yake ikafika, n'kundinena kuti ndine wowonda ngati bango.

Chilimwe china kunabwera katekisiti wakwathu, atakwera koluna, mdipiti wa magalimoto woperekezedwa ndi asilikali. Ankabwera kawirikawiri kudzatenga mankhwala ndi zofunika za tchalitchi, ndipo ulendo wina m'mbuyomo anali atandipeza n'kuona kumene ndinkagwira ntchito. Ulendo uno anandiitanira panja, pansi pa mtengo. Anati amayi apezeka. Atuluka m'tchire pamodzi ndi mlongo wanga, ndipo ali pa boma pa Chifunde, pamene anthu asonkhana pafupi ndi asilikali. Anati miyendo yawo yatupa, sakuyenda. Mlongo wanga ndiye anamutuma kuti ngati ndikufuna kuwaona ndi maso, ndisachedwe.

Ndinalowa kwa a shefe kukapempha giya, chilolezo cha ulendo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, zimene sankachita kawirikawiri. Kenako anandiuza mosazungulira kuti anthu amene amakwera koluna si onse amabwerera, ndipo iye sangalole kuti ofesi yonse ife chifukwa mutu umodzi watsala m'mbali mwa msewu.

"Uike zimene zili m'mutu mwakozo m'makina," anatero. "Adona akatha kulumikiza okha pa makina onse awiri, ine ndikuona, ndikusainira giya."

Sanali munthu woipa, ndipo zimene ananenazo zinali zoona. Koma tonse awiri tinkadziwa zimene sananene. Makina akayamba kuyenda popanda ine, chipepala chija sichikanalembedwanso, chifukwa a shefe sankanama papepala. Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo umene ndinalibe woupatsa. Walira mvula walira matope. Ndinkafuna amayi, ndipo mtengo wake unali umenewo.

Ndinayamba kulemba fisheru ina, ndiko kuti tsamba la malangizo losungidwa m'makina, yoti izichita zonse zimene zala zanga zinkachita. Poyamba inkafunika kudziwa kuti ili pa makina ati. Ndinaiphunzitsa kusuzumira mu disiko, nkhokwe ya m'kati mwa makina: ikapeza kompiladori wa opanga awa, idziwe kuti pano mwini mudzi ndi Fortran, ikapeza wa opanga enawo, idziwe kuti ndi C. Kuchokera apo njira zinkagawikana pawiri, iliyonse ndi wolumikiza wake, mabibiliyoteka ake ndi ndondomeko yake. Zikumveka zophweka ndikamazinena lero. Koma munthu sudziwa kuchuluka kwa zimene manja ako amachita mpaka utayesa kuzilemba. Ndinkaiwala kuti pa makina akale ndimayamba ndafufuta zidutswa zadzulo, apo ayi wolumikiza amatola zakalezo. Ndinkaiwala kuti pa makina atsopano bibiliyoteka ya masamu imafunika kuitchula pambuyo pa ya Fortran, osati patsogolo. Zala zinkadziwa, mutu sunkadziwa kuti zala zikudziwa.

Magetsi nawo ankazima pamene afunira, ngakhale damu lalikulu lili kumtunda kwa mtsinje wodutsa mu Tete momwemo. Makina akale ankatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba kuti amalize kutembenuza, ndiye magetsi akazima pafupi ndi kumapeto, unkayambiranso. Koluna imodzi inanyamuka ine ndisanamalize. Ndinaimva ikudutsa pamlatho, ndili pampando, ndikuyang'ana madandaulo pagalasi. Ndinatopa kutopa kumene tulo sitichotsa. Tsiku lililonse ndinkadzifunsa ngati amayi akadali moyo, ndipo tsiku lililonse ndinkakonzanso bwino chinthu chimene chikanandipereka kwa asilikali.

Adona ankaona zonsezi. Tsiku lina, osasiya kulemba, anandifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikumanga. Ndinati ndikudziwa. Anapukusa mutu n'kunena kuti ana a masiku ano ali ndi nzeru zambiri moti amadzikumbira okha dzenje, n'kuliyezanso kuti likhale lowongoka. Ndinawayankha mwaukali kuti amayi ndi anga, si awo. Sanakwiye. Anandikankhira masau.

Fisheruyo ndinaitcha manga, mawu akwathu, chifukwa ndinali nditatopa ndi mawu a eni ake. Tsiku loyesa, a shefe anaima kumbuyo kwathu manja ali m'thumba. Adona anakhala pa makina akale n'kulemba liwu limodzilo. Tinadikira. Purogarama inatuluka yathunthu. Anasamukira pa makina atsopano, analemba liwu lomwelo, ndipo inatulukanso. Manambala a mitsinje anafanana mbali zonse ziwiri. Ndisaname, ndinanyada. Inali ntchito yabwino kuposa ina iliyonse imene ndinagwirapo, ndipo ndinamva chisoni nthawi yomweyo. A shefe anasaina giya ataimirira.

Za ulendowo ndilibe zambiri zonena. Ndinakhala pamwamba pa matumba a chimanga cha chithandizo, dzuwa likuwotcha, fumbi lili m'mano. M'mbali mwa msewu munali mafupa a magalimoto opsa, ndipo tikamawadutsa anthu ankasiya kulankhula. Sitinawomberedwe. Tinangoima nthawi zambiri popanda wotiuza chifukwa chake, mpaka mantha anasanduka kutopa wamba.

Pa Chifunde ndinapeza nyumba za boma zopanda malata, ndi misasa yaudzu itazungulira paliponse. Mlongo wanga anandizindikira ndisanamuzindikire. Ananditengera kuseri kwa tchalitchi chopanda denga, pamene amayi anakhala pamphasa atatsamira mtengo wa mango, korona ili m'manja. Anali atachepa thupi lonse kupatula miyendo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, n'kundiuza kuti ndafanana ndi bambo anga, ndipo kuti ku Tete sakundidyetsa. Ndinalira ngati mwana, pamaso pa anthu, ndipo sindinachite manyazi.

Titakhazikika, ndinazindikira kuti mlongo wanga sanawauze amayi kuti wandiitanitsa. Amayi anayamba kundifotokozera kuti katekisiti anawauza zonse za ine: kuti ndimasamalira makina a boma odwaladwala, amene sadzuka popanda dzanja langa, ndipo n'chifukwa chake asilikali sandikhudza. Anati kuyambira tsiku limene anamva zimenezo, pa korona yawo ankasiyako gawo limodzi lopempherera makinawo kuti asachire. Mlongo wanga anaseka pang'ono, inenso ndinaseka. Amayi sanaseke.

"Nanga odwala akowo wasiyira yani?" anandifunsa.

Ndikanatha kunama. Koma kunyada kuja kunali kusanandichoke, ndiye ndinawafotokozera. Ndinati ndinalemba zonse m'makina momwemo, moti tsopano aliyense angathe kulemba liwu limodzi, ntchito n'kuyenda. Ndinafotokozanso za chikamwini ndi chitengwa, poganiza kuti asangalala.

"Ndiye kuti lero lino akuyenda popanda iwe?"

"Inde, amayi."

Anaika korona pamphasa. Analankhula motsitsa, moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Ndidabereka amuna awiri. M'modzi adandilanda ndikuona ndi maso angawa. Winayu wadzipereka yekha, kuti adzaone miyendo yotupa. Nayi, wayiona. Tsopano bwerera ukawononge chimene wakonzacho."

Ndinayesa kuwauza kuti zinthu siziyenda choncho, kuti a shefe anaona okha, kuti mwina nkhondo yatsala pang'ono kutha. Anandidula. Anati iwo makina sawadziwa, koma akudziwa kuti chimene munthu wamanga angathenso kuchimasula. Anatinso ndisadzabwerenso mpaka mfuti zitaleka, ngakhale nditamva chiyani, ndipo anayang'ana mlongo wanga ponena mawu amenewo. Masiku amene ndinakhalako sanabwerezenso nkhaniyo. Ankandituma kukatunga madzi, kuwatembenuza, kuwathira madzi ofunda m'miyendo, ngati sindinachokepo. Koluna itakonzeka kubwerera, anandidalitsa pamphumi n'kundikumbutsa kuti ndili ndi ntchito yokawononga.

Njira yonse ndinkaganiza mmene ndingachitire, ndipo sindinapeze. Kuwononga fisheru n'kosavuta, koma a shefe akanadziwa kuti ndine, ndipo munthu wowononga katundu wa boma m'nthawi ya nkhondo ankapita kumalo oipa kuposa ku tropa. Ndinafika ku Tete nditavomera kuti basi, zanga zatha.

A shefe sanandifunse n'komwe za amayi. Anandilandira ndi mkwiyo. Anati chinthu changa chija n'chachabechabe. Chinagwira masiku ochepa, kenako malo ena oyezera atazima, adona anayesa kulumikizanso ndipo makina onse awiri anakana. Malipoti anachedwa, iye anadzudzulidwa ndi akuluakulu ake, ndipo anandiuza kuti ndiiwale za ulendo wina uliwonse. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Ndinkadziwa kuti fisheru imeneyo singakane.

Nditalowa m'kachipinda kathu, ndinaifunafuna pa makina onse awiri ndipo sinalimo. Adona ankalemba manambala awo osandiyang'ana. Anandifunsa za amayi, ndinawauza. Kenako anatsegula chikwama chawo n'kundionetsa disikete, kambale kamene anasungamo fisheru ija, yokulungidwa m'kansalu, pakati pa mpango ndi buku la nyimbo.

"Idagwira bwino kwambiri, mwanawe," anatero. "N'chifukwa chake ndidaichotsa."

Anatseka chikwamacho n'kupitiriza ntchito. Sitinakambiranenso. Chaka chimenecho a shefe analemba chipepala chija monga mwa masiku onse, ndipo sananame, chifukwa ankakhulupirira zimene ankalembazo. Ine ndinabwerera ku mzere wanga wautali, kulumikiza ndi dzanja, Fortran patsogolo pa makina awa, C patsogolo pa makina awo. Kale ndinkachita zimenezi chifukwa panalibe njira ina. Tsopano njira inalipo, ili m'chikwama pafupi ndi phazi langa, ndipo ntchito yomweyo inkanditopetsa kawiri.

Mvula itayamba, katekisiti anabweranso. Mlongo wanga sanamvere amayi, anatumizanso uthenga. Anati kutupa kwafika pamimba, ndipo amayi asiya kudya. Ndinalowa kwa a shefe ngakhale ndinkadziwa yankho. Anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti alumikize ndani. Ndinalibe choyankha chimene sichikanaika adona m'mavuto.

Nditabwerera pampando wanga, ndinapeza disikete ija ili pa tebulo, pambali pa makina akale, kansalu katachotsedwa. Adona anali atamva zonse, chifukwa khoma linali lopyapyala. Poiika pamenepo ankatanthauza kuti ngati ndikufuna, ndiibwezeretse, ndinene kuti ndakonza cholakwika, ndikwere koluna, ndipo iwo sadzaichotsanso. Ndinakhala ndikuiyang'ana m'mawa wonse. Ndinkafuna kupita, ndipo sindinafunepo chinthu china chilichonse mmene ndinafunira kupita tsiku limenelo. Koma ndinkamvanso mawu a amayi pansi pa mango paja, ndipo ndinadziwa kuti ndikafika, chinthu chomaliza chimene adzaone padziko ndi mwana wosamva amene wawalanda chimene ankapempherera.

Masana ndinakulunga disiketeyo m'kansalu kake n'kuikankhira kwa adona. Anaibweza m'chikwama. Amayi anamwalira ine kulibe. Amene anawaika ndi mlongo wanga ndi katekisiti, kuseri kwa tchalitchi chopanda denga chija, ndipo manda awo ndinakawaona mfuti zitaleka, udzu utamera kale.

Tsiku lomwelo la disikete, uthenga unafika wakuti malo ena oyezera madzi azima. Ndinatsegula zolemba za injiniya uja, ndinafufuta dzinalo, ndinatembenuza. Kenako ndinalumikiza ndi dzanja pa makina onse awiri, ndipo sindinaphonye ngakhale chilembo chimodzi.